Ndinali Dzanja Lawo Lamanzere

Chaka chimene ndinalandira mapepala okhalira m'dziko muno ndi chomwecho chimene ndinayamba ntchito yosamalira okalamba m'makomo mwawo. Ndinkakhala ku Coolock, kuseri kwa mashopu akuluakulu aja ogulitsa mabedi ndi matailosi, m'nyumba imene tinkagawana zipinda anthu a mayiko osiyanasiyana. Tsiku lina a ku ofesi anandiimbira foni kuti kwapezeka kilayanti watsopano wofunika kusamalidwa ku Dún Laoghaire, bambo wachikulire wa ku America, wokhala yekha, amene anali atangotuluka kumene m'chipatala atadwala sitiroko. Anzanga ena anali atakana chifukwa cha mtunda: basi mpaka m'tauni, kenako sitima yapamtunda yodutsa m'mbali mwa nyanja. Ine ndinali watsopano pantchito, ndipo watsopano sasankha. Ndinavomera.

Anatsegula chitseko okha. Anali munthu wamtali, woonda, wa nsidze zambiri zoyera. Dzanja lamanja linali pa ndodo, lamanzere lili lende ngati si lawo. Atandiuza dzina lawo anati ndiziwaitana choncho basi, zaulemu zambiri sazifuna. Ndinawayankha kuti kwathu munthu wamsinkhu wa bambo ako sumutchula dzina, lilime limakana.

"Ndiye mumati chiyani?" anandifunsa.

"Timati Bambo."

Analibwereza liwulo kawiri uku akugogoda ndodo pansi. "Bam-bo. Ng'oma yaikulu, kenako yaing'ono. Chabwino, ndalilandira. Lowa, kukuzizira."

Theka la pabalaza linali la piyano yaikulu yakuda ya miyendo itatu. Pamwamba pake, pamipando, mpaka pawindo, panali mapepala a mizeremizere odzaza timadontho ta pensulo. Anandichenjeza kuti ndikhoza kusuntha chilichonse m'nyumbamo, ngakhale iwo amene, koma mapepalawo ayi. Ntchito yanga inali yodziwika: kuwasambitsa, kuwaveka, kuwaphikira phala la otsi, kuonetsetsa kuti amwa mankhwala, ndipo kukacha bwino kupita nawo kokapitidwa mphepo. Madzulo kunkabwera mnzanga wina wondisinthira, mayi wa ku Zambia amene anali atakhalitsa pantchitoyi.

Sabata yachiwiri, ndikuwameta ndevu, ndinawafunsa ntchito imene ankagwira adakali ndi mphamvu. Anati ndimalize kaye kumeta, akuopa kuseka lumo lili pakhosi. Nditamaliza anandikhazika pa sofa n'kuyatsa kanema. Anaika katuni yakalekale, koma mawu anazimitsa. Panali kambuzi kovala chipewa, kakupalasa njinga yopanda mabuleki pamtsetse. Kanadutsa pakati pa nkhuku, kanawomba mpanda, kenako kanagwera mumgolo wa madzi. Ndinangoyang'ana, osaseka. Iwo anaibweza poyambirira n'kutsegula mawu. Abale inu! Chitoliro chinkathamanga pamodzi ndi matayala, malipenga ankakuwa ndi nkhuku zija, ndipo kambuzi katagwa mumgolo panamveka kaliwu kamodzi kotsika pang'onopang'ono, kamanyazi, ngati munthu wopepesa pagulu. Ndinaseka mpaka misozi.

"Waona," anatero. "Si mbuziyo yakuseketsa. Ndine."

Ndili mtsikana ku Balaka, kuseri kwa msika kunali chisakasa cha mphasa koonetsera mavidiyo ndi jenereta. Asanaike mafilimu a karate ankayamba ndi makatuni, ndipo ife atsikana, poti makolo sankatilola kulowa, tinkasuzumira m'mipata ya mphasa. Sizinandifikepo m'mutu kuti phokoso lonse lija linali ndi mwini wake, munthu wokhala ndi dzina, womva kuwawa msana, amene anakhala pansi n'kulilemba. Ndinkayesa kuti limangobwera lokha ndi chithunzi, monga tambala amabadwa ndi kulira kwake. Nditawauza zimenezi anakondwa kwabasi. Anati wopeka nyimbo za m'filimu akaigwira bwino ntchito yake, palibe amene amazindikira kuti analipo.

Mbiri yawo sanandiuze tsiku limodzi. Inkatuluka pang'onopang'ono tikamayenda pa piya, msewu wamiyala uja wolowa m'nyanja wotchinga doko, iwo ali pa wilitcheya atafunditsa miyendo bulangete, ine ndikukankha. Anabadwira m'katauni ka pakati pa America, kumene anati chimanga chimayambira pakhonde mpaka kumene maso athera. Bambo awo ankakonza mathirakitala. Mayi awo ankaliza limba m'tchalitchi, ndipo ndi amene anawakhazika pa mpando wa limbalo miyendo isanayambe kufika pansi. Atakula anathawa mathirakitala n'kupita ku California ndi sutikesi imodzi. Kumeneko anaona zakuda. Ankaliza piyano m'mabala kuimbira zidakwa zosamvetsera, ndipo masana ankakopera nyimbo za akatswiri ena, pepala la vayolini palokha, la lipenga palokha, mpaka zala kutupa.

Mwayi wawo unadzera m'matenda a wina. Wopeka nyimbo wa pa situdiyo ina ya makatuni anagonekedwa m'chipatala ntchito ili pakati, ndipo mabwana, posowa pogwira, anati mnyamata wokopera uja ayese. Anayesa, ndipo sanachokenso mpaka imvi. Anandifotokozera mmene zinkakhalira. Ojambula ankawapatsa zithunzi zopanda mawu, iwo n'kumatsata phazi lililonse la kanyama, kuphethira kulikonse, kuti liwu ligwere pamalo pake penipeni. Kenako ankaimirira patsogolo pa gulu lalikulu la oimba, anthu ophunzira, ena ochokera ku Ulaya, onse nkhope zili ndwii ngati ali pamaliro, akuimbira galu woterereka pa sopo. Pambuyo pake anayamba kupatsidwanso mafilimu a anthu enieni, achikondi ndi ankhondo. Koma ankati makatuni ndiwo anali ovuta. Kuliza munthu n'kosavuta, ungokoka vayolini motalika. Kumuseketsa kumafuna kuti usachedwe ngakhale pang'ono.

Za banja sankakonda kukamba. Mkazi wawo woyamba anawasiya atatopa kudikira munthu wosatuluka m'chipinda chogwirira ntchito. Anali ndi mwana mmodzi, wamkazi, amene ankaimba foni mwa apo ndi apo. Kenako kunabwera makompyuta, ndipo mnyamata mmodzi ali m'kachipinda ankatha kutulutsa mawu a gulu lonse lija.

"Palibe amene anandichotsa ntchito," anandiuza tsiku lina tikuyang'ana maboti padoko. "Foni inangosiya kulira. Poyamba ndinkayesa kuti yawonongeka."

Mkazi wawo wachiwiri anali wa kuno, woliza vayolini, ndipo ndi amene anabwera nawo ku Dún Laoghaire kuti adzakalambire limodzi kwawo kwa mkaziyo. Koma anatsogola ndi mayiyo, Bambo n'kutsala m'dziko la eni. Tsiku limene anandiuza zimenezi, inenso ndinawauza za bambo anga ondibala, amene anamwalira ine ndili ku hositelo ya anthu odikira mapepala, kumene ukatuluka m'dziko sudzalowanso. Maliro awo ndinaonera pa foni ya mchemwali wanga, netiweki ikudukaduka. Tinangokhala pamenepo mpaka mphepo inatithamangitsa.

Masamba atayamba kuyoyoka m'mitengo kunabwera mlendo. Anali mtsikana wa konkuno, wa pa kampani yaing'ono yojambula makatuni m'tauni. Anati anakula akuonera makatuni awo, ndipo atakula anafufuza dzina limene linkathamanga kumapeto m'tizilembo tating'ono, n'kupeza kuti mwini wake akukhala pafupi pomwepa. Iye ndi anzake ankapanga filimu yaifupi, yopanda mawu olankhula, ya mlimi wokalamba amene akuwolotsa ng'ombe yake pa kabwato kupita nayo pachilumba. Ankafuna kuti nyimbo yake ilembedwe ndi Bambo. Ine ndinali m'khitchini ndikufulula tiyi, koma ndinamva mmene mawu awo anasinthira. Anayamba kufunsa mafunso mothamanga, ngati munthu wina amene sindinkamudziwa. Mtsikanayo atapita anandiitana.

"Mawa undimete m'mamawa," anatero. "Ndalembedwa ntchito."

Kuyambira tsiku limenelo m'nyumbamo munalowa moyo. Phala ankamaliza. Mankhwala ankakumbutsa okha. Za ku piya anati zidikire. Ankaonera zithunzi za ng'ombe ija mobwerezabwereza, pensulo ili kukamwa, nthawi zina akulankhula nayo ng'ombeyo ngati ikumva. Mnzanga wa ku Zambia anandikokera pambali tikusinthana shifiti.

"Iwe sisi, amadala aba wabapasa chani? Dzulo bananiimbira nyimbo nili kubavula nsapato!"

Koma panali vuto limene palibe amene analitchula pamene mtsikana uja analipo. Dzanja lamanzere silinkagwira. Lamanja linkathamanga pa makiyi ngati la mnyamata, koma nyimbo, monga anandifotokozera, ili ngati nyumba: dzanja lamanja ndi denga, lamanzere ndi maziko. M'mutu mwawo ankaimva yonse, koma ankafuna kuimvanso ndi makutu asanaipereke kwa anthu. Ndinawaona kangapo akunyamula dzanja lakufalo ndi linzake, kuliika pa makiyi, ilo n'kutsetsereka kugwera pamwendo. Tsiku lina analimenya mbama ngati mwana wosamva, kenako anaponya pensulo kukhoma. Ndinakaitola.

M'mawa mwake ndinapeza makiyi a kumanzere atamatidwa timapepala tamitundu: tofiira, tobiriwira, tachikasu. Anali atauza mnzanga uja kuti awamatire. Anandiuza kuti ndisiye mbale, ndisambe m'manja, ndikhale pabenchi kumanzere kwawo.

"Bambo, ine nyimbo ndimangodziwa za m'kwaya. Piyano sindinaigwirepo."

"Sindikufuna woliza piyano. Ndikufuna dzanja. Ndikatchula mtundu, iwe dina makiyi a mtunduwo, usachotse zala mpaka nditchule wina."

Tinayamba. Tsiku loyamba linali lamanyazi. Ndinkachedwa, ndinkafulumira, ndinkadina kiyi yoyandikana nayo n'kutulutsa liwu loipa ngati la chitseko. Iwo sankakalipa, ankangoti, "Tibwereze." Patapita masabata anasiya kutchula mitundu, ankangogwedeza mutu, kenako ankangopuma mwamtundu wina ine n'kudziwa kuti nthawi yosintha yakwana. Inali nyengo yozizira, imene fo koloko kumakhala kutada kale, mvula ikuwaza pawindo. Tinkakhala mapewa atagundana, iwo akununkha sopo amene ndawasambitsa naye ndekha. Nyimboyo inkayamba moseketsa, ng'ombe ikukana kukwera bwato, miyendo ili tang'atang'a. Pakati pa nyanja inkasintha, inkayenda mwapang'onopang'ono ngati mafunde, ndipo pamenepo zala zanga zinkangopita uku ndi uku pa makiyi awiri pamene dzanja lawo linkayenda lokha pamwamba, likuimba kanyimbo kamene mpaka lero sinditha kukafotokoza. Kankandikumbutsa ulendo wa pa basi yochoka kwathu, pamene wasiya kubayibitsa koma sunayambe kuganiza za kumene ukupita.

Khirisimasi itadutsa anati ntchito yatha. Mtsikana uja anabwera, ndipo tinamulizira yonse, zithunzi zikuyenda pa kanema. Sindinalakwitse. Titamaliza, iye anali akupukuta misozi ndi mkono wa juzi. Anawakumbatira Bambo, anandikumbatira inenso, anatenga mapepala aja ndi zimene anajambula pa foni, n'kulonjeza kuti aimba posachedwa akakambirana ndi anzake za oimba amene adzailize mu situdiyo. Bambo anali atalemba kale mbali ya chitoliro ndi ya mavayolini. Madzulo amenewo anandiuza kuti nditulutse suti yawo yakuda mu wadiropu ipitidwe mphepo.

Foni sinalire. Sabata inatha, inzake inatha. Ankandifunsa ngati ndaitchaja. Ankandiuza kuti ndiziisiya pafupi ndi bafa pamene ndikuwasambitsa. Kenako tsiku lina mtsikanayo anabwera osaimba kaye, atanyamula maluwa, ndipo nditangoona maluwawo pakhomo ndinadziwa kuti nkhani si yabwino. Anakhala kunsonga ya mpando osavula jekete. Anati anthu amene ankapereka thandizo la filimuyo amvetsera nyimboyo, ndipo akuti ndi yokongola, koma ikumveka yachikale. Akufuna zogwirizana ndi makutu a ana a masiku ano. Apereka ntchitoyo kwa mnyamata wina wopanga nyimbo pa kompyuta. Anati iye analimbana nawo mpaka kulira, koma mawu ake anachepa. Ndikukhulupirira kuti ankanena zoona, chifukwa ankalephera kuwayang'ana kumaso.

Bambo anamvetsera mpaka kumapeto. Kenako anamwetulira n'kumuuza kuti asadandaule, zoterezi zinawachitikirapo kambiri iye asanabadwe, ndipo filimu ndi ya eni ake, si ya woimba. Anandiuza kuti ndimuthirire tiyi. Anamufunsa za mnyamata uja, ngati ndi waluso. Anamuperekeza mpaka pakhomo ndi ndodo yawo. Chitseko chitatsekeka anaima pomwepo nthawi yaitali, atandifulatira.

"Katseke piyano," anatero.

Chibwerereni m'nyumbamo ndinali ndisanaonepo chivundikiro cha makiyi chili chotseka. Ndinachitsitsa mosamala kuti chisamveke.

Filimuyo itatha, mtsikanayo anatumiza uthenga wowaitana kukaionera pa kaholo kena m'tauni. Ine ndi mnzanga wa ku Zambia tinagwirizana zowaletsa. Iwo anakana. Anati munthu ukaitanidwa ku ukwati wa mkazi amene anakukana, umapita ndipo umavala bwino. Ndinawaveka suti ija, imene tsopano inkawakulira m'mapewa, ndinawamanga tayi iwo akundilangiza, n'kukwera nawo takisi. Anthu anali ambiri, achinyamata okhaokha. Anatiika kumbali, pamalo a mawilitcheya.

Magetsi atazima ng'ombe ija inaoneka, yomwe ija, ikukana kukwera bwato. Koma nyimbo inali ina. Ndinkafunitsitsa kuti ikhale yoipa, kuti potuluka ndiwauze kuti anthuwa adziwonongera okha. Sinali yoipa. Anthu ankaseka pamalo oyenera kuseka, ndipo bwato litafika pakati pa nyanja holo yonse inangoti zii. Ine ndinkangoyang'ana dzanja lawo lamanja. Linali pamwendo, zala zikuyenda, zikuliza nyimbo yawo ija pansi pa ya mnzawo. Kumapeto dzina lawo linadutsa pakati pa mayina a anthu othokozedwa. Anawomba m'manja monga akanathera, dzanja limodzi likumenya pa bondo.

M'takisi pobwerera tinayenda mpaka tinayamba kuona nyanja. Kenako anati, "Mnyamatayo wachita bwino. Pamene ng'ombe ikutsika m'bwato wachedwa pang'ono, koma wachita bwino." Atatero anatembenukira kuwindo. Ndinaona misozi ikutsikira m'khosi mwa shati imene ndinaisita m'mawa, ndipo sanaipukute. Dalaivala anatsitsa wailesi yekha.

Kuchokera pamenepo anayamba kutha ngati kandulo. Sankadandaula, sankakwiya. Phala ankalawa masipuni ochepa n'kulikankha. Ndikawauza za ku piya ankati mawa. Ndinayesa kuwanyengerera kuti atsegule piyano, kuti andiphunzitse nyimbo ina, koma ankangondisisita padzanja n'kunena kuti, "Wachita mbali yako, mwana wanga." Adokotala anabwera, anasintha mankhwala, sizinathandize. Maluwa atayamba kuphuka m'mapaki, m'mawa wina ndinawapeza ali pampando wawo, atavala bwinobwino, maso ali otsegula, koma nditawapatsa moni pakamwa pawo panangotuluka mpweya. Inali sitiroko yachiwiri. Ndinaitana ambulansi, ndinakwera nawo, ndinawagwira dzanja njira yonse. Anapulumuka, koma mawu sanabwererenso.

Mwana wawo anabwera kuchokera ku America. Anali mayi wamkulu kuposa ine, wamtali ngati bambo ake, wa nkhope yotopa. Ndinali nditamuweruza kale mumtima ndisanamuone, koma nditamuona akupinda zovala za bambo ake mosamala, akuzinunkhiza akayesa kuti sindikuona, ndinachita manyazi. Tsiku lina tili m'khitchini anandifunsa ngati bambo ake ankandichitira zabwino. Ndinati kwambiri. Ndinamuuza za timapepala tamitundu tija ndi za nyengo yozizira yonse imene tinakhala pabenchi limodzi. Anaika kapu pansi.

"Anakukhazikani pa benchi yawo?" anafunsa. "Ine ubwana wanga wonse ndinkakhala pansi kunja kwa chitseko, ndikumvera piyano. Ana a dziko lonse ankaseka ndi nyimbo za bambo anga. Ine ndinkauzidwa kuti ndisapange phokoso."

Sananene mwaukali. Ananena ngati munthu wonena za chilonda chimene chinapola kalekale koma chimayabwabe kukazizira. Ndinafuna kumuuza kuti bambo ake ankamutchula, koma zoona zake n'zakuti sankamutchula kawirikawiri, ndipo sindinafune kumunamiza.

Mwana wawoyo anakonza zoti Bambo apite ku nyumba yosungirako okalamba, chifukwa ulendo wa pa ndege sakanaupirira. Nyumba ija inaikidwa pamalonda. Tsiku langa lomaliza kumeneko kunabwera amuna odzatenga piyano, imene anaipereka ku sukulu ina. Anaimasula miyendo, anaigoneka chammbali, anaikulunga mabulangete n'kuitulutsa movutikira pakhomo. Pakapeti panatsala timaenje titatu. Mapepala onse mwana wawo anawalongedza m'makatoni opita ku America. Ine a ku ofesi anandisamutsira ku Ballymun, kwa mayi wina wokalamba wa konkuno wodwala miyendo, pafupi ndi kumene ndinkakhala. Anzanga anati ndachita mwayi.

Lamlungu lililonse ndikaweruka ku tchalitchi ndinkakwera sitima kukawaona. Si ntchito, ndinkangopita. Ndinkawapeza atakhazikidwa pawindo loyang'ana poimika magalimoto. Ankandizindikira, nsidze zija zinkakwera. Poti kulankhula kunalibe, ndinkawaimbira nyimbo za m'kwaya za kwathu, motsitsa mawu kuti ndisasokoneze ena. Tsiku loyamba ndikuimba ndinamva chala chikundigogoda pamkono. Ndinayesa kuti akufuna madzi. Ayi, ankandiuza kuti ndikuikoka nyimboyo, ndifulumire pang'ono. Nditatsata chalacho anatseka maso. Zinakhala choncho Lamlungu lililonse: ine kuimba, iwo kugogoda. Miyezi ikupita chalacho chinayamba kuchedwa, mpaka ine ndi amene ndinkachidikira. Lamlungu lina sichinagogode n'komwe. Chinangokhala pamkono panga, chofunda, chopepuka ngati cha khanda.

Anamwalira mkati mwa sabata. Anandiuza ndi mnzanga wa ku Zambia pa foni, ine ndili m'basi. Mwambo unachitikira kumalo kootchera mitembo, monga anthu ambiri a kuno amachitira. Tinalipo ochepa: mwana wawo, mtsikana wa makatuni uja, bambo wina woyandikana nawo nyumba, ndi ife awiri. Woyendetsa mwambo anali atafunsa mwana wawo nyimbo imene angakonde kuti iikidwe, ndipo iye anayankha kuti asaike iliyonse. Pambuyo pake anandiuza kuti anayesa kusankha, anamvetsera zingapo mu hotela, koma iliyonse inkamubweza kunja kwa chitseko chija, ndiye analephera. Sindimuimba mlandu. Koma munthu amene moyo wake wonse anaupereka ku nyimbo anapita mwakachetechete, tikumva kulira kwa mashini otenthetsa m'chipinda. Woyendetsa mwambo ananena mawu ochepa, katani yotchinga bokosi la maliro inatsekeka yokha pang'onopang'ono, basi. Panja panali patafika kale anthu a maliro ena akudikira kuti tituluke.

Kwathu ngakhale mlendo wosadziwika akafera pamudzi, amayi amasonkhana n'kumuimbira. Tili pa siteji ya basi mnzanga uja anandigwira mkono.

"Sisi, sitingabasiye so amadala. Tiye tiimbeko olo imozi."

Anayambitsa nyimbo ya maliro imene imaimbidwa kwawo ndi kwathu komwe. Ndinalowa ndi mawu achiwiri. Tinafika pakati pa ndime yoyamba, mawu anga n'kuthyoka, akenso n'kuthyoka. Tinangoima pamenepo titagwirana, akazi awiri ovala majekete akuluakulu, magalimoto akudutsa. Basi yake inabwera, anakwera. Ine ndinali ndi shifiti ya masana.

Ndinafika ku Ballymun nditachedwa pang'ono. Mayi wokalamba uja, amene tsiku lililonse ankandilandira ndi madandaulo a miyendo yake ndi a ana ake osamuyendera, anandiyang'ana kumaso ndikuvula jekete.

"Maso ako atani?" anafunsa.

"Ndi mphepo, mayi."

"Mphepo imeneyo ndimaidziwa," anatero. "Wamwalira ndani?"

Ndinamuuza. Sindinafotokoze zambiri, ndinangoti bambo wina amene ndinkawasamalira kale. Anagwedeza mutu, anakoka chogwirira chake choyendera n'kuimirira movutikira. Nditafuna kumugwira anandikankha dzanja.

"Khala pansi. Lero tiyi ndifulula ndine."

Anatenga nthawi yaitali m'khitchini, ndikumva makapu akugundana. Tiyiyo anabwera wozizirira, wa mkaka wambiri, theka atatayikira m'sosa. Ndinamwa yense, iye atakhala pambali panga, akuyang'ana pawindo.